Kalata yoyamikira ku Ofesi ya Zaumoyo ya Boma la Neno

Kwa Mkulu wa Zaumoyo,
Boma la Neno.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza ofesi yanu chifukwa chopitiriza mokhulupirika ntchito imene Unduna wa Zaumoyo udayamba kugwira limodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo m'chaka cha 2007, imene gwero lake ndi moyo ndi maganizo a malemu Dokotala Paul Farmer.

A Farmer adabadwa m'chaka cha 1959 ku Massachusetts m'dziko la America, ndipo banja lawo silinali lopeza bwino, moti pa nthawi ina ali mwana ankakhala m'basi yakale ku Florida. M'chaka cha 1983, asanayambe maphunziro a udokotala ku Harvard, adapita ku Haiti ndipo adafika m'mudzi wa Cange, momwe munkakhala alimi amene minda yawo idamira m'madzi boma litamanga damu la Péligre. Kumeneko adaona kuti chimene chinkapha anthu sichinali tizilombo tokha, koma njala, kusowa malo olima, madzi oipa ndi kutalika kwa chipatala. Patapita zaka zinayi, mu 1987, iwo pamodzi ndi Ophelia Dahl, Jim Yong Kim ndi anzawo ena adakhazikitsa bungwe la Partners In Health, limene kuno ku Malawi limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri pa moyo wawo ndi mkangano umene adalimbana nawo ndi akatswiri a zaumoyo a nthawi imeneyo. Ambiri ankanena kuti mankhwala a chifuwa chachikulu chosamva mankhwala wamba komanso ma ARV ndi odula kwambiri kwa mayiko osauka, ndiponso kuti munthu wakumudzi sangathe kumwa mankhwala mwandondomeko. A Farmer adakana mfundo imeneyi, ndipo yankho lawo adalipereka kwa odwala enieni, ku Carabayllo m'mphepete mwa mzinda wa Lima ku Peru komanso m'midzi ya ku Haiti. Adalemba ntchito anthu a m'midzi yomweyo, ndi kumawalipira, kuti aziyendera wodwala pakhomo pake, kuona kuti wamwa mankhwala, ndi kufunsa ngati m'nyumbamo muli chakudya. Odwala ambiri adapeza bwino. Zidaoneka poyera kuti munthu amene wasiya mankhwala kawirikawiri amakhala kuti wagona ndi njala kapena alibe ndalama yokwerera galimoto, osati kuti ndi wosamva.

Chinthu china chimene ankachiumirira, chimenenso chandipangitsa kulembera ofesi yanu osati bungwe lokha, nchakuti thandizo lochokera kunja lizilimbitsa zipatala za boma, chifukwa mabungwe amabwera ndi kupita pamene udindo wosamala nzika umatsala m'manja mwa boma. Kuno ku Neno, boma laling'ono la mapiri limene lidapatulidwa ku Mwanza, tidaona mfundo imeneyi ikusanduka chipatala chachikulu cha pa boma ndi chipatala cha Lisungwi, zimene ndi za Amalawi onse ndipo zili pansi pa ulamuliro wanu. Ndikuyamikira makamaka kiliniki ya matenda okhalitsa, kumene munthu amene ali pa ma ARV, wa shuga, wa kuthamanga kwa magazi, wa mphumu ndi wa khunyu amaonedwa pamalo amodzi. M'banja mwathu muli okalamba amene amalandira chithandizo kumeneko, ndipo ine ndi mboni kuti ulendo umodzi m'malo mwa maulendo angapo ndi mpumulo waukulu kwa munthu woyenda pansi m'nyengo ya dzinja.

A Farmer adamwalira pa 21 February 2022 ku Butaro m'dziko la Rwanda, kumene ankaphunzitsa ophunzira udokotala, ali ndi zaka 62. Ena a ife tidada nkhawa kuti mwina ntchito ifooka, koma azaumoyo a m'midzi akuyenderabe makomo athu ndipo makiliniki akutsegulidwabe.

Ndikupempha kuti kuthokoza kwangaku mukufikitse kwa madokotala, anamwino, alangizi a zaumoyo, oyendetsa ma ambulansi ndi azaumoyo a m'midzi onse amene akugwira ntchito pansi pa ofesi yanu.

Ine wanu modzichepetsa,
Nzika ya m'boma la Neno