Zinyalala zonyowa ndi zouma zisalowe m'thumba limodzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mawu pa nkhani ya zinyalala za pakhomo, poti mvula yayandikira ndipo ngalande za m'matauni athu zadzaza kale majumbo. Ambiri timadandaula kuti matumba a zinyalala sachedwa kuphulika komanso kuti bini imanunkha. Thumba timangolinamizira. Cholakwika ndi kusakaniza zonyowa ndi zouma.

Chimene chimalemeretsa thumba ndi madzi: nkhoko zonyika, mkute wosasa, makoko a mbatata, matumbo a nsomba. Zimenezi zikayamba kuwola zimatulutsa madzi akuda amene amatsikira pansi pa thumba, ndipo wonyamula akangolitukula limabooka pomwepo. Nyengo yotentha ngati ya Okutobala mazira a ntchentche amaswa pasanathe tsiku limodzi, n'chifukwa chake m'mawa mumapeza mphutsi zili yakaliyakali pachivundikiro.

Zonyowa zikhale ndi ndowa yakeyake ya malita 20 yotsekeka bwino, yoyala nyuzipepala pansi. Muzikakhuthula tsiku lililonse m'nkhuti yakuya pafupifupi mita imodzi, yotalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, n'kuthira dothi kapena phulusa pamwamba kuti ntchentche ndi makoswe zisafikepo. Pakatha miyezi itatu mumafukula manyowa a kudimba.

Zouma zimakwana bwino m'thumba la feteleza la makilogalamu 50, mutalichapa kaye. Musalidzaze mpaka kukamwa. Siyani malo okwana chikhatho ndi theka kuti mumange ndi chingwe. Majumbo opyapyala sagwira ntchito imeneyi ngakhale mutaphatikiza awiri kapena atatu. Paja mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) analetsedwa m'dziko muno mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi lamulolo mu 2019.

Pali zinthu zitatu zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Mabotolo osweka, malezala ndi zivundikiro za zitini muziika m'chigubu chakale n'kutseka, chifukwa anyamata otola zinyalala ndi mawilibala ambiri amagwira ndi manja osavala kanthu, ndipo bala la galasi lokhala m'zowola silipola msanga. Phulusa la pambaula ligone m'chitini tsiku lathunthu. Khala limabisala mkati mwa phulusa likadali ndi moto, limasungunula bini yapulasitiki, ndipo likafika m'chibini chachikulu cha pamsika limayatsa zonse, utsi wa mapulasitiki n'kumalowa m'nyumba za anthu. Chachitatu ndi matewera otaya. Chimbudzi cha mwana chiyambe chatayidwa m'chimbudzi, thewera likulungidwe ndi kumangidwa m'thumba lapadera. Amene tinaona kolera ya 2022 ndi 2023 sitiyenera kulola thewera kuyandama m'ngalande kupita mu mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe, kumene ena amachapa ndi kutunga.

Amene mumagwiritsa ntchito mgolo wa malita 200, uduleni pakati. Wathunthu ukadzaza, amuna awiri sangaukweze m'galimoto, ndiye amangougudubuza n'kumwaza zinyalala pamsewu. Boolani mabowo 5 kapena 6 pansi ndi msomali waukulu, pindani m'mphepete mwakuthwamo ndi hamala, muukhazike pa njerwa zinayi ndi kuuvundikira. Mgolo wosaboola umasunga madzi amvula, umachita dzimbiri pansi ndipo umaswetsa udzudzu.

Kwa makhonsolo ndi makampani onyamula zinyalala, pempho langa ndi lakuti dera lililonse liuzidwe tsiku ndi nthawi imene galimoto idutse, ndipo nthawiyo isungidwe. Thumba likagona pamsewu usiku umodzi wokha, agalu amakhala atalisasula kusanache, ndipo ntchito yonse imene mayi anagwira posankha zinyalala imathera m'ngalande.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre