Dandaulo pa penti wouma ndi chipongwe cha wogulitsa wanu

Kwa Oyang'anira Sitolo,

Ndalemba kalatayi chifukwa mafoni anga sanaphule kanthu: nthawi zonse ndimauzidwa kuti abwana atuluka ndipo andiimbira akabwera, koma mpaka lero palibe waimba. Nkhani ya mabotolo a penti watsopano amene ndinagula kunthambi yanu ya ku Limbe ili kale m'mabuku mwanu.

Pentiyo ndinagulira akasinja ndi magalimoto ang'onoang'ono a sikelo ya 1:72 (kutanthauza ochepetsedwa ka 72 poyerekeza ndi enieni) amene gulu lathu limaseweretsa patebulo, potsanzira nkhondo ya ku Burma ya 1944 imene asilikali a King's African Rifles ochokera kwathu kuno anamenya nawo. Munandilimbikitsa nokha kuti ndiyese mtundu watsopanowu, koma mabotolo obiriwira ndinawapeza zivundikiro zili zomasuka, penti atachita mibulu. Amene ankaoneka wabwinoko ndinapaka pa kasinja wa Sherman, ndipo anakwirira timizere tonse ta matayala ndi zitseko, moti ndinachita kumuchotsa n'kuyambiranso ntchito ya sabata yonse.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi mmene mnyamata wanu wa pakauntala anandilandirira. Nditamusonyeza mabotolowo, sanawagwire n'komwe, koma anaseka n'kunena mokweza pamaso pa makasitomala ena kuti, "Bambo aakuluakulu ngati inu mukudandaulira zidole? Kathireni madzi basi." Ndinamufotokozera mwaulemu kuti penti wa mtundu umenewu, wotchedwa acrylic, akauma sasungunukanso ndi madzi, chifukwa amakhala atasanduka pulasitiki, koma iye anangondilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa n'kuitana wotsatira. Kodi munthu wosadziwa zimenezi mumamulola bwanji kugulitsa penti? Nanga ndalama zanga pozilandira, bwanji sanaseke kuti n'za zidole?

Kuchokera tsikulo ndakhala ndikukwera minibasi kuchoka ku Chilomoni, kutsika m'tauni n'kukweranso ina ya ku Limbe, kungokauzidwa kuti ndibwerenso mawa. Ndalama zoyendera zatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa pentiyo.

Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zanga zonse, kapena mundipatse mabotolo osatsegula amene ndidzawaone ndekha, komanso kuti wogulitsayo apepese. Masiku 14 akadutsa osandiyankha, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, ndipo ine ndi anzanga a m'gulu lathu tiziitanitsa penti ku Johannesburg ngakhale kuti amachedwa kufika.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Chilomoni, Blantyre