Kalata yochokera ku Nkhotakota

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mwera wavuta, asodzi sakulowa m'nyanja.

Tsiku lina mukapuma kuntchito, chonde mukafike ku Apartheid Museum, imene anaitsegula mu 2001 mu Johannesburg momwemo. Pakhomo amakupatsani tikiti yonena kuti ndinu mzungu kapena ayi, osayang'ana khungu lanu, ndipo mumalowera khomo la tikitiyo. Munthu ndi mkazi wake amatha kulekana pomwepo. Usanawerenge chilichonse pakhoma, tsankho walimva kale m'thupi.

Koma yondigwira mtima kwambiri ndi nyumba ya khoti lalikulu ku Constitution Hill, yotsegulidwa mu 2004. Ili pamalo a ndende imene Gandhi ndi Mandela anatsekeredwamo, ndipo njerwa zina anachita kugumula kundendeko n'kumangira khotilo. Mizati ya polowera ndi yopendekeka ngati mitengo, poti omanga ankaganiza za milandu yokambidwa pansi pa mtengo. Si bwalo la kwathu lomweli? M'makoma muli ntchito za aluso, ndipo munthu wamba amalowa n'kuziona.

Ndiye ndimaganiza za kuno. Jumbe ankasonkhanitsa akapolo pagombe lathuli, kuwaolotsa nyanja pa zombo, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Mtengo umene Livingstone anakambirana ndi Jumbe pansi pake ulipobe. Zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira anzawo lero timagula chinangwa pamsika umodzi, tinakwatirana, koma nkhaniyi timaikamba monong'ona.

Ine ndimalakalaka nyumba yathuyathu pafupi ndi nyanja: ya njerwa zootcha, khonde lalikulu, khomo limodzi lolowera aliyense, kaya Mchewa, Myao, Mtonga, mmwenye kapena mzungu. Pakati pakhale bwalo, lero malipenga, mawa gule wamkulu, mkuja sikiri. Chipinda chimodzi chikhale cha akapolo aja, zenera lake loyang'ana kutsidya kumene anapita, kuti mwana wasukulu aimepo aone yekha kutalika kwa madziwo. N'zotheka ndithu. Ku Mua, malo a zachikhalidwe ndi luso a Kungoni anayamba mu 1976, ndipo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao ili pamalo amodzi.

Mukapita, munditumizire zithunzi pa WhatsApp, makamaka za njerwa zija, ndikaonetse a mfumu ndi amisiri athu. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Linga.