Mundipatse PS5 Pro yanga ndi disc drive yake kapena mundibwezere K3,050,000

Kwa inu eni ake a shopu yogulitsa ma PlayStation ku Old Town ku Lilongwe kuja, mukudzidziwa nokha. Foni yanga simukuyankha, ku WhatsApp mukungowerenga n'kusiya, ndiye basi tikambirane pompano anthu akuona. Dzina la shopu ndalisunga kaye chifukwa ndinaleredwa kuti munthu umayamba wamupatsa mpata wokonza cholakwa chake, koma ndikudziwa kuti muli mu gulu lino ndipo muwerenga.

A bwana, ine ndi uja wa ku Area 25 ndinabwera kwanu mwezi watha, kaya ndi mwezi winawo kumapeto, tsiku ndaiwala koma ndalama sindinaiwale. Ndinabweretsa PS5 yanga yoyamba ija, yaikulu yolowa ma disc, ili bwinobwino ndi pad yake, inu nomwe munaiyatsa, munaimvetsera fan, munati iyi tiitenga pa K1,200,000. Ndinaonjezera K1,850,000 kudzera pa banki, uthenga wake ndili nawo. Zonse pamodzi K3,050,000. Tinagwirizana kuti mundibweretsera PS5 Pro pamodzi ndi disc drive yake, kachipangizo kolowetsamo ma disc a magemu, ndipo ndinakufunsani kawiri konse za drive imeneyi, munandiyankha pa voice note kuti "full set bwana, musadandaule, drive ili momwemo." Voice note imeneyo sindinafufute.

Abale inu amene simutsata za magemu mwina mukuti munthu wamkulu akulira chidole, ndiye imani ndifotokoze pang'ono. Sony ili ndi chizolowezi chotulutsa console yamphamvu pakatikati, isanafike nthawi ya ina yatsopano. PS4 inatuluka mu 2013, kenako PS4 Pro mu 2016. PS5 inatuluka mu November 2020, ija yocheperako timati Slim mu 2023, ndipo PS5 Pro mu November 2024 pa mtengo wa $699.99 ku America. Magemu ndi omwewo a PS5, kusiyana kwake ndi koti Pro ili ndi GPU (kachipangizo kopanga zithunzi za gemu) yamphamvu, malo osungira ndi 2TB pomwe yanga yakale inali ndi 825GB, ndipo sumavutikanso kwambiri ndi kusankha pakati pa chithunzi chokongola ndi gemu yoyenda mosakakamira. Koma nkhani yagona apa, PS4 Pro inkabwera ndi polowetsa disc, pomwe PS5 Pro mu bokosi mwake mulibe drive, imagulitsidwa payokha, itangotuluka inali $79.99. Zimenezi ndinkazidziwa ndisanaponde pakhomo panu, n'chifukwa chake ndinafunsa kawiri. Inunso mumazidziwa, ndi ntchito yanu.

Nanga kuno kwathu console yopanda disc ndi yotani? Ine ndili ndi Xbox Series S kunyumba, mchimwene wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, ilibe polowetsa disc, ndipo kunena zoona imangokhala pa shelefu kutola fumbi chifukwa gemu iliyonse mpaka uchite download, magemu ena amapitirira 100GB, bundle yake uitenga kuti, ndipo uli pakati pa download magetsi azima. PlayStation Store ilibe Malawi pa mndandanda wa maiko, tonsefe timatsegula ma account a South Africa kapena America n'kumagula ma voucher kwa anthu, ndi mmene forex ikusowera muno mukudziwa nokha mtengo umene amatitchaja. Disc ndiye chipulumutso chathu. Umagula yogwiritsidwa kale ntchito, ukatopa nayo umasinthana ndi mnzako wa ku Kawale kapena ku Area 18, ukasowa ndalama umaigulitsa. Ndili ndi ma disc 23, ena a PS5 ena a PS4 omwenso amasewereka pa PS5 bola pakhale drive. Ndawasonkhanitsa kwa zaka, imodzi imodzi. Popanda drive onsewo ndi mbale chabe.

Komanso ine magemu si ongosewera. Ndili ndi kachipinda pafupi ndi msika komwe anyamata amabwera kudzasewera mpira, ma PS4 awiri ndi PS5 ija munatenga. PS5 ndi imene inkabweretsa anthu, Loweruka ndi Lamulungu ankachita kulembetsa maina kuti asewere gemu ya mpira ya FC, ena amaitchulabe FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023. Chichokereni console ija anyamata anasamukira kwina, ma PS4 awiriwo akungopeza ya magetsi ndi ya mnyamata woyang'anira. Ndalama imene ndinakupatsani ina inali ya ku banki nkhonde ya mayi a kunyumba, tikubweza ndi chiwongola dzanja sabata iliyonse pa chinthu chomwe sindinachilandire n'komwe.

Munati masabata awiri katundu afika. Atakwana ndinabwera, munati truck yachedwa pa boda. Ndinamvetsa, za pa boda timazidziwa. Ndinabweranso sabata inayo, ndinapeza shopu yotseka masana dzuwa lili pamutu, woyandikana nanu anati mwapita ku maliro, ndinapepesa mu mtima n'kubwerera. Ulendo uliwonse K7,000 kupita ndi kubwera, minibasi ndi kabaza, kusiya ntchito yanga. Sindinadandaule, sindinalembe paliponse.

Chimene chandilembetsa ndi ulendo wachitatu. Linali Lachiwiri kapena Lachitatu, munanditumizira uthenga m'mawa kuti yafika bwerani mudzatenge. Ndinamutenga mwana wanga wa zaka 11 chifukwa ndi amene wakhala akuwerenga masiku, iye ananyamula kajumbo koika ma disc atatu kuti tikayesere komweko. Minibasi inatitsitsa kutali chifukwa cha mzere wa magalimoto pa mlatho, tinayenda wapansi kudutsa mu chipwirikiti chonse chija cha mu tauni, mwana thukuta kamukamu koma akumwetulira. Tafika, inu kulibe. Tinapeza mnyamata wanu uja wa ndolo kukhutu, atakhala pa sitolu akudya chipisi cha mu jumbo, foni ili pa kauntala akuonera ma video. Ndinapereka moni, sanayankhe. Ndinaperekanso, anangokweza nsidze. Ndinamuuza chimene ndabwerera, anakankha bokosi ndi phazi kuchokera pansi pa kauntala, ndi phazi abale, katundu wa mamiliyoni atatu, n'kunena kuti "ndi imeneyo, sainani apa."

Ndinatsegula. Console ndi yeniyeni, pamenepo sindinama, mizere yake yakuda ya m'mbali ija ilipo. Mwana anatulutsa disc n'kuyamba kufunafuna polowetsa, akuitembenuza uku ndi uku. Palibe. Ndinafunsa kuti drive ili kuti. Mnyamata wanu, osasiya n'kutafuna komwe, anati drive ndi K520,000 yapadera. Ndinamuuza kuti tinagwirizana kale ndi abwana ako, mvera voice note iyi, anati iye za ma voice note sizimukhudza. Kenako anandiuza kuti ndikanachotsa drive ya mu PS5 yakale ija n'kusunga. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti mwina sadziwa chimene akugulitsa kapena amationa tonse ngati mbuli, chifukwa drive ya PS5 yoyamba ndi yomangiriridwa m'kati, siichoka kuti ukaiike pa ina. Yochotseka inayamba ndi Slim, ndipo ndi yomweyo imene imalowa pa Pro, umaimangirira m'mbali n'kulumikiza intaneti kamodzi kuti console iizindikire. Nditamufotokozera zimenezi mwaulemu, anaika chipisi pansi, n'kupukuta zala pa thalauza, n'kunena mokweza kuti aliyense mu shopu amve: "Madala, zinthu izi si za aliyense. Ngati thumba ndi loperewera mukanangokhala ndi PS4 yanu, musatitayitse nthawi."

Munali anthu anayi mu shopumo, awiri anaseka. Mwana wanga anabweza disc mu jumbo mwakachetechete n'kuyang'ana pansi. A bwana, ine ndili ndi zaka zoti mnyamata ameneyo ndikhoza kumubereka. Ndakupatsani K3,050,000 ndipo wantchito wanu akundinena za thumba loperewera pamaso pa mwana wanga? Ndinamuuza kuti chabwino, console isiyeni, ndibwezereni PS5 yanga ndi ndalama zanga. Anati yakale ija inagulitsidwa kalekale ndipo ndalama pano sitibweza, analoza kapepala komata pa khoma. Ndinapempha lisiti ya ndalama zomwe ndinalipira, yomwe munalonjeza kuti mudzandipatsa katundu akafika, anati buku lili ndi abwana. Ndinakuimbirani ndili pomwepo kanayi, foni ikulira, osayankha. Tinatuluka chimanjamanja. Mu minibasi tadutsa pa Area 18 mwana anandifunsa chapansipansi kuti "Adadi, ndiye kuti atibera?" Ndinasowa chomuyankha mpaka tinakatsika.

Ndipo pali nkhani ina imene ikundisowetsa tulo. Tinagwirizana kuti PS5 yakale muisunge osaigulitsa mpaka Pro ifike kuti tisamutse zinthu. Ma save a magemu a PS5, osunga pamene unalekezera mu gemu, sungawakopere pa flash ngati mmene tinkachitira pa PS4, njira zodziwika ndi kuwasunga pa intaneti mu cloud ya PlayStation Plus, yomwe ine sindilipira, kapena kulumikiza ma console awiriwo n'kusamutsa. Munavomera, munati tiika kumbuyo ndi dzina lanu. Lero mwagulitsa. Spider-Man 2 imene mwana anaisewera miyezi yonse ija yapita, timu imene anyamata anamanga mu career mode yapita. Choopsa kwambiri account yanga inali yotsegula mmenemo. Munaifufuta musanagulitse kapena pali munthu kwinakwake mu Lilongwe muno amene akusewera pa dzina langa? Password ndasintha usiku womwewo, koma funso limeneli mundiyankhe.

Ndikudziwa mudzati dola yakwera. Tonse tili m'dziko lomweli, kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 ndipo chiyambire pamenepo zinthu zochokera kunja mtengo wake sukhazikika. Mukanandiimbira n'kunena kuti achimwene, drive yadula kuposa mmene ndimaganizira, tigawane, ine ndi munthu, tikanakambirana. Koma simunatero. Munandiitana kuti yafika, inu n'kuchokapo, n'kundisiyira mwana wachipongwe kuti andinyoze. Ndiye musandiuze za dola.

Tsono mvetserani. Pofika Loweruka likubwerali 12 koloko masana ndikufuna chimodzi mwa ziwiri, PS5 Pro ija ndi disc drive yake yatsopano ya mu bokosi popanda kuonjezera ngakhale K1, pamodzi ndi lisiti, kapena K3,050,000 yanga yonse mu account yanga ya ku banki. Za K21,000 ya maulendo atatu ndi bizinesi imene yaima sindinaziwerengere, koma mukandifikitsa kutali ndidzaziwerengera. Mnyamata ujanso apepese, osati kwa ine, kwa mwana wanga, pamaso ndi pamaso.

Loweruka likadutsa, Lolemba m'mawa ndili ku Competition and Fair Trading Commission ndi voice note, uthenga wa banki ndi ma screenshot onse, tikaone ngati kapepala ka pa khoma kaja kamaposa lamulo loteteza ogula. Ndikachoka kumeneko ndikupita ku polisi ya ku Area 3 pa nkhani ya console yanga imene mwagulitsa tisanamalize mgwirizano. Ndipo tsiku lomwelo dzina la shopu, chithunzi cha pakhomo ndi voice note yanu ndiziika pano ndi m'magulu onse a magemu amene ndilimo, a Lilongwe, a Blantyre ndi a Mzuzu omwe. Anthu atatu andilembera kale ku inbox nditangofunsa za inu mu gulu lina, mmodzi akuti munamugulitsa pad yoyenda yokha ngati yatsopano, ndiye sindikhala ndekha popita kumeneko.

Inu anzanga amene mukuganiza zosintha console, funsani za drive ndipo alembe pa pepala musanatulutse tambala, yakale musaisiye mpaka yatsopano ili m'manja. Ndipo ngati pali amene wagula PS5 yaikulu yolowa disc ku Old Town masabata apitawa, ili ndi kachikanda kumunsi pafupi ndi polowetsa disc komanso kasitika ka Flames kumbuyo komwe mwana anamata, chonde ndilembereni ku inbox. Sindikulandani, inu munagula ndi ndalama zanu, ndikungofuna kudziwa ngati ma save akadalimo.