Kalata kwa Makasitomala Athu: Kusintha kwa Kagulitsidwe ka Nyambo za Nthenga

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wamawa tisiya kugulitsa kabokosi kosakaniza ka nyambo 12, ndipo nyambo iliyonse izigulitsidwa payokha malinga ndi mtundu wake. Ambiri mwa inu mukabwerako ku Chelinda ku Nyika, kapena ku Mulunguzi pa phiri la Zomba, mumatisonyeza kabokosi komwe nyambo zitatu zokha ndi zomwe zanyowa, zina zonse zili momwe tinazimangira. Izi zakhala zikutipweteka mtima, chifukwa ndalama yanu imathera pa zinthu zomwe simukuzigwiritsa ntchito.

Nyambo zomwe tizisunga zambiri ndi zomira, zotchedwa nymph, chifukwa nsomba ya trout imadya kwambiri pansi pa madzi kusiyana ndi pamwamba. Mukatembenuza mwala mumtsinje mudzaona tizilombo tating'ono tofiirira tikuthawira m'ming'alu. Nyambo zimenezi zimatsanzira tizilomboti. Pheasant Tail Nymph, yomwe anayambitsa a Frank Sawyer pa mtsinje wa Avon ku England, ndi nthenga zochepa chabe zokulungidwa ndi kawaya kamkuwa kuti imire msanga, koma ife timaidalira kuposa ina iliyonse, ndipo tikulangiza aliyense woyamba kumene kuti ayambire pomwepo.

Nyambo zoyandama, monga Adams, timazimanga ndi nthenga zolimba za pakhosi pa tambala kuti zikhale pamwamba pa madzi. Zimagwira bwino pamene mukuona timizere tozungulira padziwe, tosonyeza kuti nsomba zikudya pamwamba pa madzi, makamaka madzulo kapena mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kumagwera m'madzi. Zimenezi tizimanga pa mbedza za nambala 12 mpaka 16. Kumbukirani kuti nambala ikamakula, mbedza imachepa. Nyambo zikuluzikulu zokoka, monga Woolly Bugger, zomwe zimaoneka ngati kansomba kapena mbululu, zizipezeka pa nambala 6 mpaka 10 ndipo n'zoyenera m'madamu akuya. Za wet fly zachikale, zomwe ndi nyambo za nthenga zofewa zomira m'madzi, tizimanga pokhapokha munthu akaitanitsa.

Amene muli ndi kabokosi kakale, bwerani nako ndipo nyambo zomwe sizinalowe m'madzi tidzakusinthirani popanda kulipira. Pobwera mutiuze komwe mukukawedza ndiponso mwezi wake, kuti tikusankhireni zoyenera madzi amenewo.

Ife anu,
Eni sitolo ndi omanga nyambo