Tiphunzire kwa asodzi a ku Mbenji

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani yosamalira magombe a nyanja ya Malawi. Pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, a Gogo Chalo Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti utaka ndi nsomba zina ziswane mosasokonezedwa. Lamuloli limamveka chifukwa mafumu, makomiti a asodzi ndi nthambi ya boma yoona za usodzi amagwirizana polanda maukonde oletsedwa, kuphatikizapo maneti a udzudzu amene amakokolola tiana ta nsomba. Ndikupempha mabungwe obwera ndi ndalama kuti azilimbikitsa makomiti omwe alipo kale, osati kukhazikitsa atsopano amene amatha thandizo likangotha.

Wowerenga wanu,
Salima