Lipoti la msonkhano wa magemu ophunzitsira Chingerezi umene munandituma

Aphunzitsi anzanga nonse, moni. Ndabwerako ku msonkhano uja ndipo monga tinagwirizana ndati ndilembe pano kuti amene sadzakhalapo tsiku lokumana nawonso aone. Pepani nditalikitsa pang'ono, pali zina zomwe ndikufuna tiziganizire bwinobwino tisanathamangire nazo mkalasi.

Unali wa masiku atatu. Magemu omwe tinasewera ndi ambiri, mu kope langa ndalemba oposa 20, koma sindikuona chifukwa chowandandalika onse pano, kopelo ndibwera nalo. Chomwe chandikhala pamtima ndi funso limodzi lomwe mayi amene amatsogolera amatifunsa gemu iliyonse ikatha: pa mphindi zimenezi, ndi ana angati amene atsegula pakamwa n'kuyankhula Chingerezi? Nthawi zambiri ife timayang'ana ngati ana asangalala, aseka, aombera m'manja, n'kumati lesoni yayenda. Iwo amati tiwerenge pakamwa.

Anatipatsa chitsanzo cha Hot Seat yomwe ambirife timaichita kale, mwana mmodzi akhala pampando kufulatira bolodi, mphunzitsi alemba liwu kumbuyo kwake, anzake amufotokozera mpaka alitchule. Ndi gemu yabwino ndithu koma tawerengani. Mkalasi muli ana 60, gemu yatenga mphindi 10, liwu lililonse mphindi imodzi, ndiye kuti pampando pakhala ana 10 okha ndipo amene amafotokoza ndi omwe aja anayi kapena asanu odziwa kale amene amakweza manja tsiku ndi tsiku, ena onse angoonerera ngati mpira. Kenako anatiika awiriawiri, wina kuyang'ana bolodi wina kufulatira, liwu lomwelo, mphindi zomwezo. Pamenepo theka la kalasi likufotokoza nthawi imodzi ndipo theka linalo likuganiza n'kumayesa kutchula. Gemu ndi yomweyo, palibe chogula, chasintha ndi kakhalidwe basi. Phokoso linali lalikulu inde, koma linali phokoso la Chingerezi.

Tsiku loyamba m'mawa anatichita chinthu chomwe sindidzaiwala. Bambo wina mwa otsogolerawo analowa n'kuyamba kutiyankhula chiyankhulo chomwe panalibe ndi mmodzi yemwe wochidziwa, osamasulira ngakhale liwu limodzi, amangonena n'kuchita, anena aimirira, anena akhala, anena agwira mutu, ife n'kumatsatira. Patatha mphindi 15 tinali titayamba kumva mawu asanu ndi limodzi mwina asanu ndi awiri iye asanachite kalikonse. Kenako mwadzidzidzi analoza mmodzi wa ife kuti ayankhule yekha anthu onse akumuyang'ana, ndipo munthu wamkulu, mphunzitsi wa zaka zambiri, anangoti kakasi. Ine mtima unagunda kuopa kuti andiloza. Ndinaganizira ana anga aja amene ndimawaimika n'kumati yankhula, bwanji sukuyankhula. Njira yomva n'kuchita ndi thupiyi ndi ija imatchedwa Total Physical Response, anaiyambitsa James Asher, katswiri wa za maganizo wa ku San José State ku America, m'zaka za m'ma 1960, ndipo mfundo yake ndi yoti munthu amayamba kumva asanayambe kuyankhula, monga mwana wakhanda amachitira, ndiye kumukakamiza kuyankhula tsiku loyamba n'kumutsekera pakamwa. Stephen Krashen, katswiri wa kaphunziridwe ka ziyankhulo, nayenso analemba zoti mantha ndi manyazi zimakhala ngati sefa yomwe imatsekereza chiyankhulo kulowa. Izi ndinaziwerengapo kale koma kuzimva m'thupi mwanga zinali zina.

Apa ndi pamene inabwera nkhani ya Simon Says, gemu ija mphunzitsi amalamula ana n'kumachita pokhapokha lamulolo layamba ndi mawu akuti Simon says, ndipo ndikupempha tiimve bwino chifukwa tonse timaikonda. Mwa masiku onse wolakwitsa amatuluka n'kukhala pansi. Nanga amene amayamba kulakwitsa ndani? Ndi yemwe uja Chingerezi chikumuvuta. Ndiye kuti mwana amene akufunika kumva touch your knees ka 20 wamva kawiri kokha watuluka, wotsala mpaka kumapeto ndi amene amadziwa kale, gemu yonse yathera kuphunzitsa munthu wosafunika kuphunzitsidwa. Zinandipweteka chifukwa ndachita zimenezi zaka ndithu ndikuona ngati ndikuthandiza. Kukonza kwake n'kosavuta, pasakhale wotuluka. Mutha kupanga magulu awiri, wolakwitsa angosamukira gulu linalo n'kupitiriza kusewera, kapena kalasi yonse ikhale timu imodzi yolimbana ndi mphunzitsi, onse akachita bwino poyinti ndi yawo, wina akaphonya poyinti ndi ya mphunzitsi. Ndipo akazolowera, mwana ndiye akhale Simon m'timagulu ta anthu asanu kuti olamula akhale ambiri. Gemu iliyonse yotulutsa anthu tiione ndi diso lomweli, ngakhale mpikisano wa masipelo uja timachita Lachisanu.

Tsiku lachiwiri linali la mawu. Funso loyamba linali loti tikusewera ndi mawu ati, chifukwa gemu itha kukhala yabwino koma mawu ake osathandiza. Anatikumbutsa kuti mu 1953 Michael West anatulutsa General Service List, mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene amapezeka kwambiri m'Chingerezi, ndipo mawu ochepa amenewa amatenga pafupifupi magawo 80 pa 100 a mawu opezeka m'nkhani wamba yolembedwa. Paul Nation wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand, amene wathera moyo wake pa nkhani ya mawu, amalimbikira zomwezo kuti oyamba kumene tiwapatse kaye mawu opezekapezekawa. Ndiye mwana amene sadziwa bring, enough, between, carry tisamutayitse nthawi ndi hippopotamus chifukwa choti ikukoma kujambula.

Chachiwiri ndi kubwereza. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti chinthu chatsopano chimaiwalika msanga kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira ngati sunachibwereze, ndiye mawu amene taphunzitsa Lolemba n'kuwasiya, pofika sabata yamawa ambiri apita, ife n'kumadandaula kuti ana a masiku ano sagwira zinthu. Apa ndi pamene magemu ali ndi ntchito yeniyeni, mwana amatopa kubwereza mndandanda koma satopa kukumana ndi liwu lomwelo mu Bingo lero, mawa mu Hot Seat, mkuja pochita sewero lopanda mawu anzake n'kumalota. Chomwe ndinachikonda kwambiri ndi thumba la mawu. Liwu lililonse latsopano lilembedwa pa kapepala n'kuponyedwa m'thumba, tsiku lililonse mphindi zisanu zoyambirira mutulutsa timapepala tingapo, ta dzulo ndi ta mwezi watha tosakanikirana. Ena amagawa m'mabokosi atatu potengera njira ya Sebastian Leitner ya m'ma 1970, liwu lomwe ana alidziwa lipita bokosi lachiwiri lomwe limatsegulidwa mwa apo ndi apo, likawavuta libwerera loyamba la tsiku ndi tsiku. Bingo nayo musavutike kukonza makadi usiku, lembani mawu 15 pabolodi, mwana aliyense ajambule mabokosi 9 mu kope lake asankhe yekha mawu olembamo, ndipo inu musatchule liwulo, nenani tanthauzo lake kapena chiganizo chosiya mpata, kuti ayambe waganiza asanachonge.

Pali chenjezo lina lomwe linadzutsa mkangano. Anati kuphunzitsa mawu ofanana kapena otsutsana tsiku limodzi onse ali atsopano, monga left ndi right, borrow ndi lend, kapena mitundu khumi monga red ndi blue nthawi imodzi, kumasokoneza ana, amadziwa kuti mawuwo ndi apachibale koma osadziwa kuti ili ndi liti. Nation nayenso amachenjeza zimenezi. Aphunzitsi ambiri anakana poti mabuku athu anakonzedwa choncho, mutu wa mitundu, mutu wa ziwalo za thupi. Ine ndinakumbuka kuti borrow ndi lend ana anga amasokoneza mpaka akuluakulu omwe, ndiye ndikuona kuti ndi zoona. Bukulo sitingalisinthe koma titha kuyamba ndi limodzi, likhazikike masiku angapo, linalo libwere pambuyo, magemu osiyanitsa awiriwa abwere onse atadziwika kale.

Gemu yomwe inatitenga mtima tonse ndi Running Dictation. Mumata kankhani kafupi ka ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pakhoma patali, ana ali awiriawiri, wina ndi wothamanga wina ndi wolemba, wothamanga apita akawerenga, asunga m'mutu zomwe angathe, abwerera amuuza mnzake, mnzakeyo alemba, akafika pakati asinthana. Osanyamula cholembera kupita nacho kukhoma, osakuwa uli komweko. Mukaiona ngati masewera chabe koma muli kuwerenga, kusunga, kutchula, kumvetsera, kulemba ndi masipelo, ndipo wolemba amakakamizika kufunsa yekha how do you spell it, say it again, mawu omwe tikawaphunzitsa pabolodi salowa. Mkalasi yodzaza matani mapepala anayi kapena asanu m'makona osiyana kuti asagundane, kapena tulukani nawo panja. Ya ana okulirapo ndi Dictogloss ya Ruth Wajnryb, muwerenga ndime kawiri pa liwiro la masiku onse, iwo alemba mawu ochepa omwe agwira, kenako m'magulu amanganso ndimeyo, ndipo mukamazungulira mumawamva akukangana okha ngati pakufunika went kapena goes, galamala ikuphunziridwa inu musanatchule dzina la tensi.

Za katchulidwe tinachita pang'ono, nthawi inachepa, koma ndi zotikhudza. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, Chingerezi chili ndi oposa khumi, ndiye ship ndi sheep, full ndi fool kwa mwana wathu ndi liwu limodzi, ndipo l ndi r kwa ife sizisintha tanthauzo pomwe light ndi right ndi zinthu ziwiri. Anati vuto limayambira kukhutu, mwana sangatchule kusiyana komwe sakukumva. Ndiye gemu yake ndi yomvetsera kaye, mulemba light mbali imodzi ya bolodi right mbali inayo, mukatchula onse aloza mbali yomwe amva, poyamba maso otsegula kenako otseka kuti asaonerane. Pambuyo pake azichita awiriawiri, ndipo wotchula akaona mnzake waloza kolakwika amadziwa yekha kuti lilime silinakhale bwino, popanda womuseka. Kwa masipelo anatipatsa makwerero a mawu omwe anayambitsa Lewis Carroll m'zaka za m'ma 1870, kusintha chilembo chimodzi pa sitepe iliyonse, cat, cot, dot, dog. Awa ndi abwino kwa amene amamaliza ntchito msanga.

China chaching'ono chomwe aliyense atha kuyamba mawa lomwe. Mary Budd Rowe anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Iye amayang'ana makalasi a sayansi, nanga kuli bwanji mwana amene akuyenera kusaka liwu m'chiyankhulo chachilendo. M'magemu ambiri wopambana ndi wachangu, ndiye anati tiziika lamulo loti palibe kukweza dzanja mpaka mphunzitsi awerenge mpaka 5 chamumtima.

Pamene sindinagwirizane nawo ndi pa nkhani ya chiyankhulo cha kwathu mkalasi. Mmodzi mwa otsogolera amati pa lesoni ya Chingerezi pasamveke liwu lina lililonse. Ine ndinayankhula, ndinati ndaonapo gemu ikufa chifukwa mphunzitsi watha mphindi 10 akufotokoza malamulo m'Chingerezi ana osamva kanthu. Njira yabwino ndi kuonetsa, itanani ana awiri muchite nawo onse akuona, koma pakavuta chiganizo chimodzi cha Chichewa chimapulumutsa nthawi ndipo nthawiyo ipita ku Chingerezi chomwecho. Komanso liwu ngati although mungalichite sewero bwanji? Ambiri anavomereza, wotsogolerayo sanasinthe maganizo, tinasiyana choncho. Koma kulanga mwana chifukwa chayankhula chiyankhulo cha makolo ake, pamenepo tonse tinagwirizana kuti ayi, mwana wotero amangophunzira kukhala chete. Chinanso, magemu angapo amafuna pulojekita ndi intaneti, amenewo ndawalemba padera kumapeto kwa kope, onse omwe ndatchula panowa amafuna choko, mapepala akale ndi thumba basi.

Ndikudziwa ena mufunsa za silabasi ndi mayeso, kuti nthawi ya magemu tiitenga kuti. Nanenso ndinafunsa. Gemu isakhale mphotho ya kumapeto lesoni ikatha, ilowe m'malo mwa gawo lija timati bwerezani pambuyo panga, mawu ake akhale omwewo a mutu womwe tili nawo sabata imeneyo, ndipo ikatha ana alembe ziganizo ziwiri zitatu ndi mawuwo kuti mu kope mukhale umboni.

Pempho langa ndi ili. Aliyense asankhe gemu imodzi yokha, kaya yomwe amaichita kale, aichite kwa masabata awiri ataikonza kuti pasakhale wotuluka komanso ambiri aziyankhula nthawi imodzi. Musankhe mwakachetechete ana atatu amene samayankhula mkalasi mwanu ndipo muzilemba tsiku lililonse ngati atsegula pakamwa ndi zomwe anena. Tikakumana tibwere ndi timapepala timeneto. Ine nditenga thumba la mawu ndi Hot Seat ya awiriawiri, ndipo ndikufuna anthu awiri odzipereka kuti tidzaonetse Running Dictation tsikulo, amene muli okonzeka ndiuzeni pofika Lachitatu kuti ndikonzeretu nkhani zomata pakhoma.